Ndalama za maboma a atsamunda ndi kuchedwa kwa ntchito zikuluzikulu: mafunso ndi mayankho

Njanji, madoko, milatho ndi madamu ambiri amene akugwira ntchito mu Africa lero adaganiziridwa m'nthawi ya atsamunda. Koma mukaika pamodzi chaka chimene ntchito idatchulidwa koyamba ndi chaka chimene idatha, mupeza kuti pakati pake padadutsa zaka 20, 30, mwinanso 50. Mayankho ali m'munsimu akukamba makamaka za maiko amene ankalamulidwa ndi Britain.

Kodi ndalama zomangira njanji, madoko ndi milatho zinkachokera kuti?

Ambiri amaganiza kuti zinkatuluka m'thumba la boma la Britain. Nthawi zambiri sizinali choncho. Mfundo imene London idaigwiritsitsa mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali yakuti dziko lililonse lolamulidwa lizidzilipirira lokha. Malipiro a bwanamkubwa, a ma DC, a apolisi ndi asilikali, ngakhalenso penshoni ya azungu amene adapuma ntchito n'kubwerera kwawo, zonse zinkachoka pa misonkho ya m'dzikomo. Zimene zatsala ndizo zinkapita ku misewu ndi zomangamanga. France nayo idakhazikitsa lamulo lofanana ndi limeneli mu 1900.

Misonkho yake inali iwiri makamaka: wa katundu wolowa ndi wotuluka m'dziko, ndi wa nyumba kapena wa munthu aliyense wamwamuna. Ku Nyasaland msonkho wa nyumba unali limodzi mwa magwero aakulu a ndalama za boma, ndipo kwa zaka zambiri munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira theka la msonkho umene mnzake wokhala pamudzi ankalipira.

Ntchito ikakula moti bajeti ya chaka chimodzi siingakwanitse, njira zinali zitatu: kukakongola ndalama ku London, kunyengerera kampani kuti imange poipatsa malo kapena lonjezo la phindu, kapena kupempha thandizo ku Treasury, unduna wa zachuma wa Britain. Njira iliyonse inali ndi msampha wake, ndipo kuchedwa kwambiri kunkabadwira m'misampha imeneyi.

Ngati kukongola kunali kololedwa, bwanji sankangokongola n'kumanga?

Chifukwa mwini ndalama ankafunsa funso limodzi: njanjiyo idzabweza chiwongoladzanja? Dziko limene linali kale ndi malonda, yankho linkapezeka. Gold Coast, imene lero ndi Ghana, inali ndi koko. N'chifukwa chake bwanamkubwa Gordon Guggisberg adatha kulemba pulani ya zaka 10 ya mapaundi pafupifupi 25 miliyoni n'kuyambitsa doko la Takoradi mu 1921. Ngakhale kumeneko zinthu sizidayende mosalala: mtengo wa koko utatsika pulaniyo idaduliridwa, kontirakitala woyamba adasiya ntchito mu 1924, ndipo dokolo lidatsegulidwa mu 1928 kampani ya Sir Robert McAlpine italimaliza.

Dziko losauka ndiye linkangozungulira pamodzimodzi. Popanda njanji, thonje ndi fodya sizikadafika kudoko pa mtengo wabwino. Popanda mbewu zotuluka, msonkho unali wochepa. Popanda msonkho, palibe amene ankafuna kukongoza ndalama zomangira njanjiyo.

Panalinso vuto la malamulo. Lamulo la Colonial Stock Act la 1900 lidathandiza maiko olamulidwa kukongola pa chiwongoladzanja chotsikirapo, koma silinkakhudza maiko amene pa malamulo ankangotchedwa "otetezedwa" ndi Britain, monga Nyasaland ndi Uganda. Mpata wa maiko amenewa udatseguka mu 1929.

Ndani ankavomereza kuti ntchito iyambe?

Tiyeni titsatire ulendo wa pepala limodzi. Mkulu wa nthambi ya zomangamanga, ya PWD, wawerengera mtengo wa mlatho n'kupereka kwa bwanamkubwa. Bwanamkubwa walemba kalata yopita kwa nduna yoona za maiko olamulidwa ku London. Kalatayo yayenda pa sitima ya pamadzi milungu ingapo. Ku Colonial Office yadutsa pa matebulo angapo, aliyense n'kulembapo maganizo ake. Kenaka yapita kwa mainjiniya olangiza, amene maofesi awo anali ku London komweko ndipo ambiri mwa iwo anali asadauonepo mtsinje umene akuukambawo. Ngati pafunika ngongole kapena thandizo, pepalalo lapitanso ku Treasury.

Pakapezeka funso limodzi lokha, tinene lokhudza kuzama kwa maziko kapena kuchuluka kwa ngolo zodutsa pamlathopo, pepala libwerere ku Africa. Pamene yankho likufika ku London, mvula yayamba ndipo woyeza malo sangalowe m'dambo mpaka chilimwe. Chilimwe chikafika, mtengo wa zitsulo wasintha, ndiye kuwerengeranso. Ndipo nthawi zambiri bwanamkubwa ankakhala pampando zaka zisanu kapena kuchepera apo. Wobwera m'malo mwake amabwera ndi maganizo ake, n'kuitanitsa lipoti latsopano.

Dziko limene linkalandira thandizo lolipirira bajeti yake linkamangidwa manja kotheratu. Treasury inkayang'ana bajeti yonse mzere ndi mzere, moti ngakhale kulemba kalaliki mmodzi woonjezera kunkafuna chilolezo. Pa chifukwa chimenechi abwanamkubwa ambiri ankapewa ntchito zazikulu n'cholinga choti asagwe m'manja mwa Treasury, ndipo amene wasunga ndalama m'bokosi ndiye ankatamandidwa kuti ndi wodziwa ntchito.

Nanga ma Crown Agents anali ndani?

Linali bungwe la ku London logulira maboma a atsamunda katundu ndi kuwakonzera ngongole. Njanji, mainjini a sitima, simenti, mapaipi, ngakhale masitampa a positi, zinkadzera kwa iwo, ndipo ankadya kangachepe pa ntchito iliyonse. Ubwino wake unali wakuti katundu ankayesedwa asadatumizidwe. Kuipa kwake, maoda ankapita makamaka ku mafakitale a ku Britain, ndipo mafakitalewo akatanganidwa ndi ntchito za kwawo, dziko laling'ono linkaima kumapeto kwa mzere.

Pali chitsanzo chimodzi chimene chikuonetsa bwino mmene kuchedwaku kunkachitikira?

Njanji yolumikiza Nyasaland ndi nyanja yamchere. Idatenga zaka 40 ndipo idamangidwa zidutswazidutswa.

Nkhani ya njanji idayamba kukambidwa mwamphamvu mu 1895, m'nthawi ya Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda ku Nyasaland. Boma la Britain lidakana kulipira. Ntchitoyo idapatsidwa kwa kampani ya Shire Highlands Railway, imene munali wamalonda Eugene Sharrer, ndipo m'malo mwa ndalama boma lidalonjeza kuipatsa maekala 3,200 pa mailosi aliyonse omangidwa. Malowo sanali opanda eni. Kumanga kudayamba mu 1903.

Poyamba ankafuna kuti njanji iyambire pa Chiromo, pamene sitima za pamadzi zochokera ku Chinde, doko la kumathiriro kwa Zambezi, zinkafika. Koma madzi a Shire ankangotsika chaka ndi chaka, sitima n'kumatitimira mumchenga. Adakakamizika kuyambira kumunsi, ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje. Sitima ya pamtunda idafika ku Blantyre mu 1908, mtunda wa mailosi 113. Posakhalitsa nako ku Port Herald madzi adachepa. Padafunika njanji ina yotsikira ku Chindio m'mphepete mwa Zambezi, ndipo idatsegulidwa mu 1915. Kuchoka tsidya linalo la Zambezi kukafika ku doko la Beira kudamangidwa njanji ya Trans-Zambezia, imene idatha mu 1922.

Tsono taganizani: njanji tsidya lino, njanji tsidya ilo, pakati mtsinje wopanda mlatho. Belo lililonse la fodya ndi bokosi lililonse la tiyi linkatsitsidwa m'ngolo pa Chindio, kukwezedwa m'mabwato okokedwa ndi sitima, kuwolotsedwa, n'kukwezedwanso m'ngolo pa Murraça. M'chilimwe madzi ankachepa, pokochezera n'kumasunthidwa. M'dzinja madzi ankasefukira n'kukokolola njanji ya m'mphepete, katundu n'kumanyowa padoko. Zimenezi zidachitika zaka 13.

Za mlatho zidakambidwa m'zaka zonse za m'ma 1920. Nthumwi zotsogozedwa ndi William Ormsby-Gore zidayendera chigawochi mu 1924, ndipo mu 1926 nyumba ya malamulo ya Britain idavomera kuimira ngongole ya mapaundi 10 miliyoni ya ntchito za kum'mawa kwa Africa. Komabe makomiti adapitiriza kukangana za malo omangapo, za mtengo, ndi za amene adzalipire. Chimene chidathetsa mkanganowo ndi ulova wa ku Britain. Mafakitale a zitsulo ankasowa maoda, ndipo mlatho wautali makilomita oposa atatu ndi theka unali oda yaikulu. Kampani ya Cleveland Bridge ya ku Darlington idapatsidwa ntchitoyo, ndipo mlatho wa Dona Ana udatsegulidwa mu Januwale 1935. Chaka chomwecho njanji ya kumpoto idafika ku Salima kudzera ku Balaka ndi ku Chipoka, ngakhale poyamba ankafuna kuti ikathere ku Domira Bay.

Ngongole ya njanji imeneyi adabweza ndani?

Apa ndi pamene nkhaniyi imawawa. Njanji ya Trans-Zambezia yonse ili m'dziko la Mozambique, limene linkalamulidwa ndi Apwitikizi. Mlatho wa Dona Ana ulinso komweko. Koma boma la Nyasaland ndi limene lidauzidwa kuti liimire ngongole ya kampaniyo, ya mapaundi 1.2 miliyoni pa chiwongoladzanja cha mapaundi 6 pa 100 alionse. Ndiye kuti mapaundi 72,000 pachaka, pamene ndalama zonse zimene boma linkatolera kumayambiriro kwa m'ma 1920 sizinkafika mapaundi 300,000. Kampaniyo siinkapeza phindu lokwanira, choncho lonjezo lija lidayenera kukwaniritsidwa.

Nyasaland payokha sikadatha. Treasury inkaikongoza ndalama zolipirira, n'kulamula kuti ndalama za msonkho zikapyola mlingo woikika, theka la zapamwambazo lizipita kobweza ngongole. Mlatho ndi njanji ya ku Salima zidaonjezera ngongole ina ya mapaundi oposa 3 miliyoni.

Akatswiri a mbiri amasiyana maganizo pa kulemera kwa katunduyu. Leroy Vail adalemba kuti ngongole za njanji ndi zimene zidasaukitsa Nyasaland n'kuisandutsa nkhokwe ya antchito a m'migodi ya eni. Ena amati gawo lalikulu la ndalamazo lidalipiridwa ndi Britain pamapeto pake, ndipo umphawi unali ndi magwero enanso. Mbali zonse zili ndi mfundo. Koma ngakhale titavomera kuti Britain idalipira zambiri, ngongoleyo idaika bajeti ya dziko m'manja mwa Treasury kwa zaka zambiri, ndipo pempho la sukulu, chipatala kapena msewu linkakumana ndi yankho lakuti mudakali ndi ngongole. Kuonjezera apo, mitengo yonyamulira katundu pa njanjiyo inali yokwera kwambiri, moti mbewu zotsika mtengo monga chimanga ndi mtedza sizinkapindula kutumiza kunja.

Kodi nkhondo ndi kugwa kwa chuma zidathandizira bwanji kuchedwaku?

Kwambiri. Damu la Sennar pa Blue Nile ku Sudan, lothirira thonje ku Gezira, lidapeza chitsimikizo cha ngongole ya mapaundi 3 miliyoni mu 1913. Ntchito itangoyamba, nkhondo ya 1914 idaiimitsa. Nkhondo itatha mitengo ya zipangizo inali itakwera kowirikiza, padafunika ngongole zina, ndipo damulo lidatha mu 1925.

Zaka za pakati pa 1914 ndi 1945 zinali zotero pafupifupi kulikonse: nkhondo, kukwera kwa mitengo, kudula bajeti kwa 1922, kugwa kwa chuma cha dziko lonse kuyambira 1929, kenaka nkhondo ina. Mitengo ya mbewu ikagwa, msonkho umagwa nawo, koma chiwongoladzanja cha ngongole sichitsika. Choyamba kudulidwa nthawi zonse chinali bajeti ya PWD, poti mlatho wosamangidwa sudandaula ngati mmene amachitira bwana wochotsedwa ntchito.

Mu 1929 Britain idakhazikitsa thumba la chitukuko. Silidathetse vutoli?

Lidathandiza pang'ono. Lamulo la Colonial Development Act lidalola kuti mapaundi osapitirira 1 miliyoni pachaka azipita ku maiko onse olamulidwa pamodzi, kuyambira ku Jamaica mpaka ku Fiji. Lamulolo lidanena poyera kuti cholinga china chinali kukweza malonda ndi mafakitale a ku Britain. Choncho ntchito yofuna zitsulo ndi makina inkapita patsogolo, pamene ntchito yofuna makasu, mawilibala ndi anthu, monga misewu ya kumidzi, inkatsalira. Maphunziro sadaikidwemo n'komwe.

Ndalama zambiri zinkaperekedwa ngati ngongole, kapena zolipirira chiwongoladzanja cha zaka zoyambirira zokha. Maboma amene anali kale m'ngongole ankaopa kupempha. Mu 1931 thumbalo lidachepetsedwa. Pofika 1940, ndalama zonse zimene zidavomerezedwa m'zaka 11 sizidafike mapaundi 9 miliyoni.

Nanga malamulo a 1940 ndi 1945?

Amenewa adabwera chifukwa cha mantha ndi manyazi. Kunali kunyanyala ntchito m'migodi ya kopa ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, mu 1935 ndi zipolowe ku West Indies mu 1937 ndi 1938, ndipo malipoti adaulula umphawi umene Britain sikadafuna kuti adani ake aulengeze pa nthawi ya nkhondo. Lamulo la 1940 lidalonjeza mapaundi 5 miliyoni pachaka, kuphatikizapo za umoyo ndi maphunziro, ndipo lidakhululuka ngongole zina zakale. Koma ndalama zimene sizidagwiritsidwe ntchito pakutha pa chaka zinkabwerera ku Treasury. M'kati mwa nkhondo kunalibe sitima zonyamula zipangizo kapena mainjiniya, choncho zambiri zidabwereradi. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Lamulo la 1945 lidakonza vuto limenelo. Lidaika mapaundi 120 miliyoni a zaka 10, ndipo zotsala chaka chino zinkaloledwa kudikira chaka chamawa. Dziko lililonse lidauzidwa kulemba pulani ya zaka 10. Nigeria, mwachitsanzo, idapatsidwa mapaundi 23 miliyoni pa pulani yake ya 55 miliyoni, zotsalazo idzipezere yokha.

Kuchedwa kudapitirirabe, koma tsopano chosowa sichinali ndalama zokha. Britain inali kumanganso mizinda yake yophwasulidwa ndi mabomba, ndipo zitsulo, simenti ndi mathirakitala zinkaperewera. Kukagula ku America kunkafuna madola, amene London inkawaumira. Oyeza malo ndi mainjiniya anali ochepa, ndipo apa atsamunda adakolola zimene adafesa, popeza kwa zaka 50 sadaphunzitse eni dziko ntchito zimenezi. Komanso thandizolo linkalipira kumanga kokha. Malipiro a anamwino ndi kukonza denga likadontha zinali za bajeti ya dzikolo, moti maboma ena ankazengereza kumanga chipatala chimene sadzatha kuchiyendetsa.

Chinthu china sichikambidwa kawirikawiri. Pa nthawi yomweyi maiko olamulidwa ankasungitsa ndalama zawo ku London: nkhokwe za maboma, za mabungwe osindikiza ndalama, ndi phindu la mabungwe ogula mbewu monga koko. M'zaka za m'ma 1950 ndalama zimenezi zidapyola mapaundi 1,000 miliyoni, kuposa kutalitali thandizo lonse la chitukuko. Mlimi amene ankalipidwa mtengo wotsika pa mbewu yake ankathandiza kulimbitsa paundi ya Britain, uku akudikira msewu.

Kodi ntchito zonse zinkachedwa?

Ayi, ndipo zimene zidathamanga ndi zimene zimatiuza zambiri.

Njanji ya Uganda idayamba ku Mombasa mu 1896 n'kufika pa nyanja ya Victoria, ku Kisumu, mu 1901. Makilomita oposa 900 m'zaka zisanu. Nyumba ya malamulo ya Britain idalipira yokha mapaundi oposa 5 miliyoni, ngakhale poyamba idavomera 3 miliyoni, chifukwa Britain inkafuna kugwira gwero la mtsinje wa Nile maiko ena a ku Ulaya asadafikeko. Antchito pafupifupi 32,000 adatengedwa ku India, ndipo pafupifupi 2,500 adafera pantchitopo.

Damu la Kariba lidamangidwa kuyambira 1955 mpaka 1959, ngakhale madzi osefukira a 1957 ndi 1958 adaononga ntchito yambiri. Migodi ya kopa ndi mafakitale a ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, zinkafuna magetsi, choncho ndalama zidapezeka: World Bank idakongoza madola 80 miliyoni, makampani a migodi nawo adaikapo zawo. Atonga pafupifupi 57,000 adasamutsidwa m'chigwa cha Zambezi mwaphuma, ambiri n'kukatayidwa pa nthaka yosabereka.

Ndipo ku Tanganyika kunali ntchito yolima mtedza imene idayamba mu 1947 chifukwa ku Britain kunkasowa mafuta ophikira. Idathamangitsidwa osayeza bwino nthaka ndi mvula ya ku Kongwa. Pofika 1951 mapaundi 36 miliyoni anali atapita m'madzi. Doko la Mtwara ndi njanji yopita ku Nachingwea zidamangidwira mtedza umene sudabwere, ndipo njanjiyo idazulidwa patangopita zaka zochepa.

Ndiye sitinganene kuti atsamunda sankatha kufulumira. Pamene phindu linali la London, la migodi kapena la azungu okhazikika m'dziko, makomiti ankafupika ndipo ndalama zinkaoneka. Pamene phindu linali la mlimi wa kumudzi, ntchito inkafunsidwa kuti itsimikize kaye kuti idzadzilipira.

Bwanji Nyasaland idafika pa ufulu popanda magetsi a pa Shire, pamene mathithi analipo kale?

Maganizo analipo, ndipo anali aakulu. M'nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene adalamula kuyambira 1948 mpaka 1956, kampani ya mainjiniya ya Sir William Halcrow idafufuza chigwa cha Shire n'kutulutsa lipoti mu 1954. Pulani yake inali yoti amange chotchinga choongolera madzi otuluka m'nyanja ya Malawi, apange magetsi pa mathithi a pakati pa Matope ndi Chikwawa, aumitse madambo a kumunsi monga Elephant Marsh, ndi kuthirira minda. Mtengo wake unkapyola mapaundi 70 miliyoni.

Koma pamene lipotilo linkatuluka n'kuti Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba kale mu 1953, ndipo mphamvu pa nkhani za magetsi ndi ngongole zikuluzikulu zinali zitasamukira ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare. Kumeneko maso onse anali pa Kariba. Ngakhale Northern Rhodesia, imene kopa wake ndiye ankadyetsa Chitaganyacho, idalandidwa damu la Kafue limene inkalifuna. Shire idangopatsidwa chotchinga chadothi pa Liwonde mu 1956, ndipo mu 1957 chidagumulidwa.

Boma la Chitaganya litabwera ndi maganizo omanga malo opangira magetsi pa Nkula cha m'ma 1960, Dr Banda ndi Malawi Congress Party adakana. Ankaona kuti kulandira ndalama za Chitaganya n'kuvomereza Chitaganyacho, chimene anthu anali atachikana ndipo ena anali atafera pochikana mu 1959. Munthu angathe kudandaula zaka zimene zidatayika pamenepo, koma n'zovuta kuwadzudzula, poti mphatsoyo idabwera pa nthawi imene inkaoneka ngati nyambo. Chotchinga cha Liwonde chidamangidwa mu 1965, ndipo Nkula A idayamba kupereka mamegawati 24 mu 1966.

Kodi si zoona kuti malo enieniwo anali ovuta kumangapo?

N'zoona. Malungo ndi kaodzera zinkapha antchito, kashembe ankapha ng'ombe zokoka ngolo, ndipo mitsinje inali isadayezedwe kwa zaka zokwanira. Nyanja ya Malawi idatsika kwambiri moti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 madzi adaleka kutuluka bwino kulowa mu Shire, kenaka idakweranso n'kumiza minda ndi madoko. Injiniya aliyense akadavutika nazo. Koma kuyeza mtsinje chaka ndi chaka kumafuna ndalama zochepa ndi anthu ophunzitsidwa, ndipo zimenezinso zinkamanidwa.

Amene adavutika ndi kuchedwaku ndani?

Pamene palibe njanji kapena msewu, katundu amayenda pamutu pa munthu. Amtengatenga ankasenza mitolo yolemera makilogalamu 25 kapena kuposa, kukwera mapiri kuchoka ku Shire kupita ku Blantyre ndi ku Zomba, ndiponso kuchoka kumeneko kupita kunyanja. Pa nkhondo yoyamba amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland adagwira ntchito imeneyi, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka adafa ndi njala ndi matenda. Chaka chilichonse chimene komiti inkakambirana ku London chinali chaka china cha mitolo.

Mlimi wa kutali ndi njanji sankatha kugulitsa mbewu zake, koma msonkho unkamudikira. Njira yotsala inali ya ku Joni kapena ku Harare, kudzera ku mabungwe olemba antchito a Wenela ndi Mthandizi, kapena wapansi. Chigawo cha kumpoto, kumene njanji siidafikeko mpaka lero, ndicho chidataya amuna ambiri, ena n'kusanduka matchona.

Ngakhale kukonza chimene chaonongeka kunkatenga nthawi. Mlatho wa njanji wa pa Chiromo udakokoloka mu 1948 ndipo watsopano udatha mu 1950. Pakati pa zaka ziwirizi padagwa njala ya 1949, ndipo chimanga chothandizira anthu chochokera kudoko chinkayenera kutsitsidwa ndi kuwolotsedwa pa Shire.

Tisaiwale kuti kumene ndalama zinkaperewera koma ntchito n'kukakamizidwa, kusiyanako kunkalipiridwa ndi miyoyo. Njanji ya Congo-Océan, imene Afalansa adamanga kuchoka ku Pointe-Noire kukafika ku Brazzaville pakati pa 1921 ndi 1934, idadalira anthu ogwidwa m'midzi m'malo mwa makina. Anthu osachepera 17,000 adafa.

Eni dziko ankafunsidwa maganizo awo?

Kwa nthawi yaitali, ayi. Ku Nyasaland bungwe lopanga malamulo lidakhazikitsidwa mu 1907, koma munthu wakuda adalowamo koyamba mu 1949, ndipo anali wochita kusankhidwa ndi bwanamkubwa. Amene ankamveka anali eni maesiteti, makampani a zamalonda ndi amishoni. N'chifukwa chake njanji idadzera ku Luchenza ndi ku Limbe, kufupi ndi minda ya tiyi ndi fodya.

Sikuti anthu adangokhala chete. Mabungwe a eni dziko, kuyambira ndi North Nyasa Native Association ya 1912, m'mene munali anthu ngati Levi Mumba, ankalemba makalata opempha sukulu za boma, zipatala, misewu ndi milatho ya m'madera mwawo, n'kumafunsa kuti msonkho wawo ukupita kuti. Nyasaland African Congress idapitiriza kuyambira 1944. Mafunso amenewa adayamba kufunsidwa maso ndi maso m'nyumba ya malamulo mu 1956, Henry Chipembere, Kanyama Chiume ndi anzawo atalowamo.

Ntchito zimene atsamunda adazisiya papepala zidathera kuti?

Zambiri zidamangidwa ndi maboma a ufulu, ndipo mwa kanthawi kochepa. Damu la pa Volta lidatchulidwa ndi katswiri wa miyala Albert Kitson mu 1915, lidafufuzidwanso m'ma 1950, koma lidamangidwa pa Akosombo pakati pa 1961 ndi 1965 m'nthawi ya Kwame Nkrumah. Njanji yolumikiza Northern Rhodesia ndi Tanganyika idafufuzidwa mu 1952 n'kukanidwa kuti siidzapindula. China idamanga njanjiyo, yotchedwa TAZARA, kuyambira 1970 mpaka 1975. Zambia idamanga damu lake la Kafue Gorge kumayambiriro kwa m'ma 1970. Ku Malawi njanji ya ku Nayuchi yopita ku doko la Nacala idatsegulidwa mu 1970, ndipo ya ku Salima idafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980 ndi thandizo la Canada.

Ndalama zake zinali zokongolabe, kungoti okongoza adasintha: World Bank, America, China, South Africa, Canada. Funso lakuti ntchitoyo idzabweza bwanji ngongole lidatsala pomwepo, koma tsopano amene ankasankha ntchito yoyamba kumangidwa anali boma la m'dziko momwemo.

Zina zidadikirabe. Gawo la ulimi wothirira la pulani ya chigwa cha Shire, limene lidalembedwa mu lipoti la 1954, lidangochitika pang'ono kudzera m'minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Ngalande yaikulu yotenga madzi pa Kapichira kuti ikathirire mahekitala oposa 40,000 ku Chikwawa ndi ku Nsanje idayamba kukumbidwa mu 2020, ndi ndalama zochokera ku World Bank ndi African Development Bank.